Odwala Atatu a pa Shelefu

Tsiku limene a Sisitala anapuma pa ntchito ya unamwino, mpongozi wawo anawabweretsera maluwa atatu a m'miphika. Anali a masamba okhaokha, oika m'nyumba kuti maso azipumirapo. Loyamba linali la timasamba tolendewera, lachiwiri la masamba onenepa ngati zala za khanda, lachitatu la masamba ataliatali osongoka, oima njo ngati sakuopa munthu.

"Muzitayira nawo nthawi, Amayi," anatero mpongoziyo, yemwe panthawiyo anali woyembekezera. "Savuta amenewa."

Mphatsoyo ikanangokhala mphatso, a Sisitala akanapanda kumva zimene anamva tsiku lomwelo. Akupita kukhitchini ndi makapu, anamva mwana wawo wamwamuna akuuza mkazi wake kuti khandalo likadzabadwa, tchuthi n'kutha, azidzalisiya kwa agogo ake masana. Mkaziyo anangoti, "Tione kaye."

Mawu awiriwo anawabaya ngati jakisoni wa wophunzira ntchito. Munthu amene ananyamula makanda osawerengeka, amene madokotala achinyamata ankawongola kolala akamva mapazi ake, lero ayambe waonedwa kaye? Anabwerera pabalaza, n'kuyang'ana miphika itatu ija, ndipo zonse zinawaonekera poyera. Awa sanali maluwa, anali mayeso. Ndipo mdzukuluyo ankamufuna, osati pang'ono. Chikwatirire mwana wawo, nyumba inangoti zii, ndipo manja awo ankasowa chogwira.

Amuna awo, amene anthu ankawatchulabe a Dalaivala ngakhale basi anaisiya kalekale, anali munthu wa mpando umodzi, nyuzipepala ndi wailesi. Atauzidwa za mayesowo anangosuzumira pamwamba pa magalasi.

"Mwanayo wangokupatsani maluwa, Sisitala."

"Inu ndiye simudziwa akazi."

A Sisitala anali asanadzalepo ngakhale udzu, koma zimenezo sizinawadetse nkhawa. Chamoyo n'chamoyo. Anachotsa mabuku pa shelefu ya pakona, kutali ndi zenera kuopa mphepo ya chibayo, n'kugonekapo odwala awo atatu, ngakhale kuti onse anabwera athanzi. Ankawayendera m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo ulendo uliwonse aliyense ankalandira kapu ya madzi, kaya wapempha kaya ayi. Masamba ankapukutidwa ndi thonje lonyowetsa mu sipiliti. Tsiku lina anaona kanyongolotsi m'dothi, mtima unangoti phaa. Anakhuthula dothi lonse, n'kuliphika mumphika, mizu n'kuitsuka ndi sopo.

Duwa lolendewera lija litayamba chikasu, a Sisitala sanachedwe kupeza vuto: kuchepa kwa madzi m'thupi. Anawonjezera kapu ina, n'kusinjiramo mapiritsi a mavitamini. Ndipo poti matenda amabisala m'kati, ankalizula m'mawa uliwonse kuti aone ngati mizu yagwira, n'kulibwezeramo bwinobwino, n'kulisisita.

"Kodi likagwira liti mukamalizula chotero?" anafunsa a Dalaivala.

"Inu munayezapo wodwala?"

"Ayi. Koma injini ikamayenda bwino sindinkaimasula."

"Ndiye chifukwa chake mabasi anu ankafera panjira."

Duwalo linamwalira litalandira chithandizo chonse chimene chikanatheka. La masamba onenepa lija linatsatira posakhalitsa, litafewa ngati nthochi yoiwalika m'chikwama. A Sisitala anabisa miphika iwiriyo kuseri kwa kabati, ndipo mpongozi akaimba foni n'kufunsa za maluwa, ankayankha ndi mawu amene anawathandiza zaka zambiri polankhula ndi abale a odwala.

"Akupezako bwino, mwana wanga."

Khanda linabadwa, lalimuna, la masaya odzaza. A Sisitala anapita kukaliona mtima uli dyokodyoko. Analipeza lili m'tulo. Analifundukula kuti aone mchombo, analifunditsanso, anaika chala pamphuno pake kuti amve mpweya, kenako analidzutsa kuti aone ngati likuyamwa bwino. Linalira mpaka kufiira. Mpongozi anangoyang'ana mwamuna wake, mwamunayo n'kuyang'ana kudenga. A Sisitala anaona kuyang'anako, koma anaganiza kuti n'kutopa kwa uchembere.

Kunyumba kunatsala wodwala mmodzi. La masamba osongoka lija linali louma mutu, koma nalonso linayamba kupendekeka, ndipo kutsinde kwake kunkamveka kafungo. Apa a Sisitala anagwidwa ndi mantha enieni. Tchuthi cha mpongozi chinali kupita kumapeto. Akabwera n'kupeza shelefu yopanda kanthu, adzanena kuti chiyani? Munthu wolephera kusunga tsamba angamupatse mwana? Anaona kuti nthawi ya makapu yatha. Anakhoma msomali pakhoma, n'kupachikapo botolo la madzi lokhala ndi kapaipi, kuti wodwalayo akhale pa dilipi usana wonse.

Dilipiyo inagwira ntchito mokhulupirika. Madzi anadzaza mphika, anadzaza mbale ya pansi, anatsika ndi mwendo wa shelefu n'kuyala pasimenti. Tsoka silinunkha. M'mawa mwake a Sisitala akubwera kudzayendera wodi yawo, anaterereka n'kugwa chagada, mwendo n'kuthyoka pafupi ndi kakolo.

Anagonekedwa mu wodi yomwe ankailamulira kale, m'manja mwa atsikana omwe anawaphunzitsa okha. Atsikanawo anafuna kuonetsa kuti maphunziro sanapite pachabe. A Sisitala akangoti atseke maso, wina wafika ndi choyezera kutentha kwa thupi. Akangoti apume, wina wabwera kudzawatembenuza, wina kudzakonza pilo, wina kudzafunsa ngati akugona bwino.

"Ana awa andipha," anadandaula a Sisitala, a Dalaivala atabwera kudzawazonda. "Munthu angachire bwanji osamusiya n'kamphindi komwe?"

A Dalaivala anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Ukwati wawo unakhalitsa chifukwa cha luso limeneli.

"Duwa lija mukulithirira?"

"Zonse zili bwino."

"Katatu patsiku. Mupukute masamba. Muzione mizu."

"Ndamva, Sisitala."

Fupa la munthu wamkulu silithamanga, ndipo panadutsa milungu ingapo asanatuluke. Masiku onsewo ankagona chagada akuganizira duwa lawo lili m'manja mwa munthu amene amaiwala ngakhale kumene waika magalasi ali pamphuno. Mumtima anali atalira kale maliro, a duwa ndi a chiyembekezo chawo chomwe.

Analowa m'nyumba ndi chikhakha kumwendo, ndodo m'khwapa, maso ali ku shelefu. Pa shelefu panali wailesi. Botolo la dilipi linali lendelende pamsomali, louma.

"Mwalitaya?"

"Ilo apo."

Linali pazenera, padzuwa, pamphepo yomwe ija ya chibayo. Dothi lake linali louma mpaka kung'aluka, masamba ali mbuu ndi fumbi. Koma linali litaima njo ngati tsiku limene linabwera, ndipo m'mbali mwake munali mutatuluka mphukira ziwiri zobiriwira, zosongoka, zopanda n'chisoni chomwe.

A Sisitala anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Munalichita chiyani?"

"Ine? Palibe." A Dalaivala anakanda m'mutu. "Wailesi imamveka bwino pakonapo, ndiye ndinalisuntha. Za madzizo ndinkati ndithirira mawa. Tsiku lina ndinakhuthuliramo otsala m'kapu, poti kukhitchini kunali kutali."

"Mizu munaiona?"

"Ndikanaiona bwanji ili m'dothi?"

Amati zengerezu adalinda kwawukwawu, koma zengerezu wa m'nyumba muno analinda mpaka duwa linaphuka. Zimenezi zinawapweteka a Sisitala kuposa mwendo. Anapereka tulo, thonje, mavitamini, ngakhale fupa lawo, ndipo chimene duwalo linkafuna kwa iwo chinali chakuti achoke. Anakumbukira miphika iwiri ya kuseri kwa kabati. Anakumbukira atsikana a mu wodi ndi choyezera chawo. Anakumbukiranso khanda lofiira ndi kulira, ndi maso a mwana wawo ali kudenga, ndipo anachita manyazi.

Loweruka lake mwana wawo anabwera ndi banja lake kudzawaona. Mpongozi atapereka moni ndi kufunsa za mwendo, maso ake anagwera pazenera. Anapatsira mwamuna wake khanda, n'kupita kukagwira dothi ndi chala.

"Amayi, mpaka laphuka?" Anatembenuka akumwetulira. "Limeneli anthu ambiri amalipha ndi madzi. Langa linawola mwezi woyamba, ndinkangoliyang'anayang'ana. Limafuna munthu wodziwa kulisiya."

Kenako mpongoziyo anayang'ana ku shelefu.

"Nanga ena awiri aja?"

"Amenewo tinawatumiza ku chipatala chachikulu," anatero a Dalaivala ali kuseri kwa nyuzipepala.

Mpongozi anaseka mpaka kugwira pamimba. "Aja ndi osachedwa kufa, Abambo, musadandaule." Kenako anakhala pafupi ndi apongozi ake, n'kutsitsa mawu. "Amayi, ndinene zoona. Ndinkaopa. Mwanayu akagona safuna kugwidwagwidwa, akadzidzimuka tsiku lonse laonongeka. Ndinkati mwina ndi chizolowezi cha ku ntchito simungathe kumusiya. Koma ndaona kuti ndinakuweruzani msanga. Mwendo ukachira, tingamamusiye kuno?"

A Sisitala anayang'ana amuna awo. Nyuzipepala sinagwedezeke. Mayeso anakhozadi, koma wowalembera anali munthu amene sanadziwe n'komwe kuti walowa m'kalasi. Anafuna kunena, mawu anafika pakhosi, koma khandalo linayasamula, kakamwa kopanda dzino, ndipo mawuwo anabwerera kumene anachokera.

"Mubwere naye," anatero.

Chikhakha chitachoka, tsiku linafika. Mpongozi anasiya mabotolo a mkaka, matewera ndi malangizo, n'kuthamangira ku ntchito. Chakumasana mdzukulu anagona pa kamatiresi pabalaza, manja ali m'mwamba ngati wagonja pa nkhondo. A Sisitala anaimirira pambali pake. Kodi sakutentha? Bulangetilo silikumuthina? Mpweyawo bwanji ukumveka pansipansi chotero? Choyezera kutentha chinali m'thumba la diresi, ndipo dzanja linali litachipeza kale lokha. Anawerama, zala zili pafupi ndi bulangeti.

"Sisitala," anatero a Dalaivala motsitsa, osakweza n'maso omwe. "Mizu ili bwino."

Anaima chiweramire. Pazenera mphukira zija zinali zitatalika, fumbi lili pomwepo. Anawongoka, n'kubwerera chammbuyo mpaka pampando, n'kukhalira manja awo onse awiri.

Pa ntchito zonse zimene anagwirapo moyo wawo wonse, iyi ndiyo inali yowawa kwambiri, ndipo misozi inalengeza m'maso. Mwanayo anapitiriza kugona. Iwo anakhalabe pomwepo, akumuyang'ana, mpaka anadzuka yekha n'kuwasekerera.