Sitepe Yachitatu ya pa Tchalitchi

Mlendoyo anatsika basi ya Lachitatu m'mawa ali ndi kachikwama kumsana, nsapato zothamangira atazikoleka m'khosi. Solène anamuonera pa zenera la sitolo yake ya buledi, manja ali mbuu ndi ufa. Ku Montbrazel basi inkatsitsa makalata, mwina ndi dokotala wa ziweto, osati mnyamata wamtali wongoima pabwalo n'kumayang'ana tchalitchi ngati chamuitana.

Analowa, nagula buledi mmodzi, n'kufunsa ngati pali chipinda chogona.

"Chilipo pamwambapa. Ndilembe kuti ndani?"

Anazengereza pang'ono. "Marc."

"Marc yekha basi?"

"Pakadali pano, yemweyo."

Mayi Yvette, omwe m'mawa uliwonse ankamwera khofi pampando wa pakona, anadikira kuti mlendo akwere kaye.

"Tseka pakamwa mwana iwe, mulowa ntchentche."

"Ndikuganiza za mpikisano ine, mayi."

"Eya. Mpikisano wa ndevu zakuda ndi miyendo italiitali."

Solène anaseka, koma mpikisanowo unkamusowetsadi mtendere. Chaka chilichonse, akatha kukolola mphesa, anthu ankabwera kudzathamanga njira ya mudziwo: kukwera masitepe a tchalitchi, kutsikira pa dziwe lakale lochapira zovala, kudutsa m'munda wa mphesa wa a Delpech, kukafika pa mabwinja a linga, n'kubwerera pabwalo. Linali tsiku limodzi lokha pachaka limene nyumba zotsekedwa zinkatsegula mazenera, ana a m'mudzi obalalikira m'matauni n'kubwera kudzaona makolo. Chaka chino udindo wokonza njira unali wa Solène. Ndiye masabata awiri apitawo a Delpech anamanga tcheni pa chipata cha munda wawo, osanena chifukwa. Akuluakulu a boma anakana kuti anthu athamange mumsewu wa tala chifukwa cha malole. Chipata chikapanda kutseguka pofika Lachisanu masana, Solène anayenera kuuza anthu mazana atatu kuti asabwere.

"Ndapitako katatu," iye anadandaula. "Amangondiyang'ana ngati ndine khwangwala wodya mphesa zawo."

Mayi Yvette anaika kapu pansi. "Iwe unabwera dzana m'mudzi muno, sungadziwe. Anselme Delpech anali ndi mwana mmodzi, Odile. Mtsikana ameneyo liwiro lake! Anapambana zaka zitatu zotsatizana. Kenako anakangana ndi bambo ake chifukwa cha mwamuna wina wa kumpoto. Tsiku lochoka anakaima dala pa sitepe yachitatu, miyendo yonse iwiri, ife tikuona."

Solène ankaudziwa mwambowo. Munthu wa ku Montbrazel sankaponda sitepe yachitatu ya pa tchalitchi, poti ankati wopondapo amachoka m'mudzi osabweranso. Ngakhale onyamula maliro ankailumpha.

"Zaka makumi atatu," anapitiriza mayi Yvette, "Anselme amatsegula chipata yekha, n'kuima pambali kuyang'ana nkhope ya wothamanga aliyense. Mwezi wathawu kwabwera kalata yochokera ku Lille, kumpoto komweko. Sanauze munthu zimene zinalimo. Tangoona tcheni."

Lachinayi m'mawa Solène anatenga chitini cha utoto wachikasu ndi burashi. Chipata chitseguke kapena ayi, zizindikiro zinayenera kupakidwa. Pakhomo anapeza Marc akumanga zingwe za nsapato.

"Ndikunyamulireni chitinicho?"

"Mukataya utoto mudzanyambita nokha."

Anayamba kuthamanga pang'onopang'ono kulowera kutchalitchi. Solène ankafuna kumuchenjeza za sitepe ija monga ankachitira ndi alendo onse, koma mawu asanatuluke, Marc anali atadutsa kale. Yoyamba, yachiwiri, yachinayi. Sanayang'ane n'komwe pansi.

Solène anaima. "Mwalumphiranji pamenepo?"

"Pati?"

"Musandipusitse. Sitepe yachitatu."

"Miyendo yangotalika," anatero akuyang'ana kumbali, makutu atafiira.

Anatsikira kudziwe lochapira. Solène anapaka mzere wachikasu pa mwala, kenako mtanda pakhomo la kanjira kena koterera, chizindikiro choti wothamanga asalowe kumeneko. Atadzutsa mutu anaona Marc ali kale m'kanjirako, akupatula minga ndi manja.

"Mtanda simukuuona? Uko kulibe njira!"

"Ilipo. Kuseri kwa mkuyu uwo kuli kasupe. Munthu umamwa kawiri, kachitatu umasamba kumaso, ukatero phiri la linga silikupweteka."

Solène anamutsatira. Kuseri kwa mkuyu kunalidi kasupe, atakwiririka ndi masamba, madzi akutuluka m'kamwa mwa nsomba yosema pamwala. Zaka zisanu ndi zitatu m'mudzimo, iye anali asanamuonepo.

"Pa mapu palibe zimenezi," ananena motsitsa mawu. "Anakuuzani ndani?"

Marc anamwa kawiri, nasamba kumaso, madzi n'kumatsika m'ndevu.

"Ana ena amagona ndi nthano. Ine mayi anga ankandigoneka ndi njira iyi. Mwala ndi mwala, kuyambira pabwalo. Akafika pa chipata cha munda wa mphesa ankangoti, 'Gona tsopano.' Sanapitirirepo pamenepo ngakhale kamodzi."

"Odile," anatero Solène.

"Tinawaika m'manda mwezi watha. Kalata ndinalemba ndine, koma sindinasaine dzina langa. Agogo sadziwa kuti ndilipo." Anaseka mwamanyazi. "Dzulo ndinafika pa chipatapo kawiri. Miyendo italiitaliyi yandibweza yokha."

Solène anaganiza za anthu mazana atatu aja, ndipo anachita manyazi kuti waganiza zimenezo. Anaika burashi m'chitini.

"Sindikukakamizani. Mpikisano ukalephereka, walephereka. Koma ine ndikupita kukapempha kachinayi, ndipo chitini changa muli nacho ndinu."

"Ndiye kuti ndilibe kothawira?"

"Ndi utoto wanga? Ayi ndithu."

Anapeza a Delpech kuseri kwa chipata akudula nthambi zouma za mphesa, chipewa chakuda chili pamutu. Anali nkhalamba yowuma thupi, ya manja akuluakulu.

"Wabweranso, mtsikana wa buledi? Ndinakuuza kale. Kathamangireni kwina."

"Bambo Delpech, tsiku lomaliza ndi mawa lomweli. Mukakana, mudzi wonse…"

"Mudzi wonse uli ndi miyendo, uzungulire. Ine ndinkatsegulira munthu mmodzi. Sabweranso." Analoza Marc ndi mpeni wodulira. "Nanga uyu? Wandibweretsera wapolisi?"

"Ndi mlendo wanga. Koma dzulo ndi lero sanaponde sitepe yachitatu."

Za dzulo Solène anangowonjezera, poti sanazione. Nkhalamba ija inasiya kudula.

"Wamuuza ndiwe."

"Sindinamuuze. Ndipo wandionetsa kasupe wa nsomba. Wamwa kawiri, kachitatu n'kusamba kumaso."

A Delpech anayandikira chipata pang'onopang'ono. Anayang'ana mnyamatayo kuyambira ku nsapato, monga ankayang'anira othamanga zaka zonse zija, mpaka anafika pa maso. Pamenepo dzanja lawo linagwira chitsulo cha chipata.

"Zakumwa kawirizo si za m'mudzi muno," anatero ndi mawu osasa. "Ndinapeka ndine, kuti mwana wanga asamamwe madzi ambiri asanakwere phiri. Ndinauza munthu mmodzi yekha."

"Anandiuza kuti munkawadikira apa ndi chidutswa cha tchizi m'thumba," anayankha Marc. "Kuti munkakuwa kuti akuthamanga ngati bakha, chonsecho ali patsogolo pa onse."

"Ankathamangadi ngati bakha," inatero nkhalamba ija. "Anandikhululukira?"

"Sananene. Koma njira ya kuno anandiphunzitsa yonse, ndipo sitepe ija anandilumbiritsa kuti ndisadzaiponde."

A Delpech anapisa m'thumba la jekete. Kiyi anawavuta kulowetsa, mpaka Solène anagwirizira loko kuti isagwedezeke. Tcheni chinagwa m'fumbi. Solène anayang'ana kumbali, akudziuza kuti ndi fungo la utoto likumuwawa m'maso.

"Paka zizindikiro zakozo, mtsikana," anatero a Delpech osamuyang'ana. "Koma pa mitengo yanga ya mphesa ayi. Pa miyala pokha." Kenako anatembenukira kwa mnyamata uja, yemwe anali chiimire kunja, chitini chili m'manja. "Iwe, ukudikira kuti ndikunyamule? Lowa. Dzina lako ndani?"

"Akuti Marc," anatero Solène, "pakadali pano."

Mnyamatayo anamuyang'ana Solène ngati akupepesa, naika chitini pansi, n'kuponda mkati mwa munda.

"Marc ndi dzina la woyendetsa basi, ndinangobwereka. Mayi anandipatsa lina, agogo. Ndine Anselme. Anselme Delpech."