Tsiku Limene Mtsinje wa Domasi Unakhala Chete

Ine ntchito yanga ndi yoswa miyala. Ndimawotcha mwala ndi matayala akutha, ukang'aluka ndimauphwanya ndi hamala mpaka usanduke kwale, omanga nyumba a ku Songani n'kudzatenga. Miyalayo sindiifuna kutali. Yangoti mbwee kuseri kwa nyumba yanga, m'mbali mwa mtsinje wa Domasi, ina yaikulu ngati nkhokwe. Zaka makumi awiri ndakhala ndikudyera miyala imeneyi osadzifunsa kuti inafika bwanji pamenepo. Amene anandifunsa ndi mlongo wanga Enifa.

Enifa ndi chitsirizira kwathu, ndipo ndiye anakokolola nzeru zonse za sukulu, ife n'kutisiyira minofu yokha. Anapita ku Norway kukaphunzira za madzi oundana. Nditamva ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Kuno ayisi timamuonera mu firiji ya m'golosale pa Naisi, nayenso magetsi akangozima basi wasungunuka. Ndiye mwana wa mayi anga athere zaka zinayi akuphunzira zimenezo?

Atabwera kutchuthi m'mwezi wa Malichi anayesa kundilongosolera. Akuti kumapiri ozizira kuli ayisi wochindikala kuposa kutalika kwa nsanja ya tchalitchi, amene amatsetsereka pang'onopang'ono ngati nkhono, akukumba chigwa ndi kukankha miyala ndi dothi kutsogolo kwake. Akasungunuka amasiya mulu wa zinthuzo utatseka chigwa, madzi n'kuunjikana kumbuyo kwake. Ntchito ya Enifa inali yoyeza nyanja zoterozo kuti adziwe tsiku limene mulu uja udzagonje. Anati ku Nepal anaona ndi maso ake mudzi umene unafafanizika choncho.

Kenako anasisita mwala umene ndimaswa n'kundionetsa kuti ulibe nsonga, wangoti see ngati dzira. Anati mwala wotere sunabadwire pano, wachita kugubuduzika kuchokera m'phiri. Kuno si ayisi anaunyamula ayi, ndi matope, koma kanyamulidwe kake n'kofanana. Ndinamuuza kuti zimenezo n'zodziwika kale, ndi Napolo, chinjoka chimene chimatuluka m'phiri pofuna kusamukira kunyanja. Enifa anati ndichitche dzina lililonse, koma ndikumbukire kuti madzi saiwala khwawa.

Sabata yomweyo kunabwera namondwe. Mvula inagwa masiku atatu osapumira, mtsinje n'kumalira moti polankhulana m'nyumba timachita kukuwa. Tsiku lachinayi kunacha ndi kamvula kowaza chabe, ngakhale phiri la Zomba linali likadafunda mitambo yakuda bii. Ndinatuluka ndi mnzanga Jacob kukaona ngati tingagwireko ntchito. Cha m'ma teni koloko tinayang'anana, tonse osadziwa kuti chasintha n'chiyani. Kenako tinazindikira: mtsinje unali utasiya kulira.

Madzi anaphwa ngati wina watseka mpopi. Panangotsala timadziwe, milamba ndi matemba zikuphiriphitha m'matope. Kwathu kuno mtsinje ukaphwa chigumula chitatha, ndiwo zimakhala za aliyense, ndipo wochedwa amadyera mchere. Mudzi wonse unakhamukira kumeneko ndi mabeseni, zidebe ndi maneti a udzudzu. Mkazi wanga Janeth amazengereza, koma ine ndinamuuza kuti achite changu anzake asamuthere. Ine ndemwe, ndi pakamwa pangapa.

Posakhalitsa Enifa anafika akuthamanga wopanda nsapato. Anati mvula ikugwabe kuphiri, ndiye mtsinje sungaphwe wokha. Madzi sanathe, atsekeredwa. Penapake kumtunda phiri lagumukira mumtsinje, ndipo kumbuyo kwa dothilo kukukula nyanja.

"Achimwene, kawatulutseni alamu mumtsinjemo. Inuyo anthu akumverani, ine sangandimvere."

Ndikanakhala ndekha mwina ndikanapita. Koma Jacob anali pomwepo akumwetulira, ndipo ine sindinafune kuoneka wotumidwa ndi mwana amene ndinkamubereka kumsana. Ndinamuyankha kuti kuno si ku Norway, kuno mtsinje ukaphwa ndiye kuti Napolo wadutsa kale. Ndinatola hamala n'kupitiriza kuswa.

Enifa anapita yekha. Ndinkamuona ali pagombe akukupiza manja, Chichewa chake chikusakanikira ndi Chingerezi monga amachitira akasokonezeka. Amayi ena anamuseka kuti wazolowera nsomba za m'chitini, awasiye eni mudzi atole zawo. Janeth anangomugwedezera mutu mwaulemu n'kuweramanso. Enifa anabwerera kwa ine kachiwiri, misozi ili mbwembwembwe. Ndinamuuza kuti akundisokosera. Sindinama, panadutsa ola lathunthu.

Chimene chinandigonjetsa ndi mwala. Nditatsamira ndi dzanja kuti ndipumeko, ndinaumva ukunjenjemera pang'ono, ngati mmene umachitira lole ya mchenga ikamadutsa pafupi. Koma kunalibe lole. Mphepo yochokera kumtunda inabwera ndi fungo la dothi longokumba kumene, fungo la kumanda. Agalu onse a m'mudzi anayamba kuthawira kumtunda wa ku mishoni. Mantha amene anandigwira sindinawamvepo chibadwire. Kwa kanthawi ndinangoima ngati chitsa ndikuyang'ana duku lofiira la Janeth pakati penipeni pa mtsinje.

Mmene ndinafikira pagombe sindikudziwa. Za nyanja ndi dothi sindinanene. Ndinangokuwa mawu amodzi okha amene aliyense kuno amawamva ndi mafupa omwe.

"Napolo! Napolo akubwera!"

Mabeseni anauluka. Anthu anakwera magombe chokwawa, ena akukoka ana, ena akusiya zitenje m'minga. Koma Janeth sanasunthe. Anali atatitimira m'matope mpaka m'mawondo, ndipo akazula mwendo uwu, winawo umalowa. Beseni la milamba anali ataligwirabe pamutu. Ndinalowa, Enifa ali pambuyo panga. Ndinakankha beseni lija, tinamugwira wina mkono uwu wina uwu, n'kuyamba kukoka.

Apo n'kuti phokoso litayamba. Akuluakulu amati Napolo amayenda ndi ng'oma, ndipo sananame. Inali miyala ikugundana mkati mwa matope, di, di, di, mpaka m'chifuwa. Nditacheuka ndinaona khoma lofiirira likukhota pa ngodya ya mtsinje, lalitali kuposa denga la nyumba, mitengo ya bulugamu itaimirira pamwamba pake ngati ikuyenda yokha. Ndinadziwa kuti tafa. Ndinakoka ndi mphamvu zonse za zaka makumi awiri za hamala, Janeth n'kuzuka. Tinathamanga, tinagwa, tinakwawa. Ine ndi Enifa tinafika pamwamba, ndipo tikumukweza Janeth, chipika chimene chinatsogola chinamumenya mwendo wakumanzere. Ndinaumva ukuthyoka, koma sindinamusiye dzanja.

Pamudzi pathu sipanafe munthu. Minda ya m'dimba inapita, mbuzi zinapita, ndipo pamene panali timadziwe tija pali mwala watsopano, wosalala, waukulu kuposa khitchini yathu. Jacob amati tiuwotche, muli kwale wa chaka chonse. Ine ndimaulambalala.

Lamulungu lotsatira anandiimiritsa m'tchalitchi n'kundiwombera m'manja kuti ndinapulumutsa mudzi. Enifa anakhala kumbuyo. Pobwerera ku sukulu yake anangondipempha kuti ndisamutse nyumba, ndipo ulendo uno sindinatsutse.

Janeth anakhala kuchipatala milungu isanu ndi umodzi. Mwendo unalumikizika mokhota, moti mpaka lero amayenda ndi ndodo, ndipo mtsuko sangasenzenso. Tsiku lina masana tili pakhonde, iye akusankha nyemba, anayamba kukumbutsa za tsiku lija. Anati chimamuwawa n'chakuti mlamu wake anamuchenjeza iye osamva, ndipo akanakhala kuti anauzidwa ndi ine akanatuluka nthawi yomweyo. Kenako anasiya nyemba zija n'kundiyang'ana.

"Kodi abambo, Enifa asanabwere kumtsinje kuja, anayamba wadzera kwa inu?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiye munadziwa nthawi yanji?"

Ndinangoyang'ana mwendo wake wokhota uja. Janeth anadikira pang'ono, kenako anafufuza ndodo yake, anadzuka movutikira n'kulowa m'nyumba. Nditafuna kumugwira mkono anati ndisavutike, wazolowera.