Tinthambi ta Mtengo wa Bambo

Tsiku limene ndinkanyamuka kupita kunja, achemwali sananditengere kudepoti mwachindunji. Tinayamba talowa m'munda wa zomera wa mumzinda, kumene bambo anagwira ntchito moyo wawo wonse, n'kukaima pansi pa mtengo wa malalanje umene anamezanitsa okha chaka chimene ine ndinabadwa. Anali atangomwalira kumene, ndipo manda awo anali kutali moti kwa ife awiri mtengowo ndiwo unali manda.

"Pita, usade nkhawa," anatero achemwali, dzanja lili pa khungwa. "Ine ndili moyo, mtengo uwu palibe adzaudule."

Ndinapita, ndinatchona. Ndinabwerako mutu uli mbuu, lilime likupunthwa pa mawu ena a kwathu.

Munda umene ndinaupeza sunali umene ndinausiya. Kasupe wa pakati anauma, m'menemo anaikamo matayala akale odzalamo anyezi. Timatabwa ta mayina a Chilatini, timene bambo ankatipukuta ndi mpango wawo ngati nkhope za ana, tambiri tinazuka. Kumene kunali maluwa a rozi, kumene ankatiletsa ngakhale kutsokomola, anagawako timinda ta anthu a m'makwalala oyandikana: kabichi, tomato, zikhomo, zingwe. Ndawerenga mabuku ambiri a anthu obwerera kwawo, ndipo onse amalira kuti kwasintha. Palibe amene amanena chowawa chenicheni, choti kwasintha ndipo anthu akukondwa.

Achemwali ndiwo ankaphunzitsa anthu a timindato Loweruka lililonse, pansi pa shedi ya malata pafupi ndi nazale. Sabata yonse ndikawafunsa za mtengo ankasintha nkhani. Loweruka m'mawa, ophunzira asanadzaze, anati, "Tiye ukauone."

Unali chilili, koma atauphimba neti kuchokera kunsonga mpaka pansi, ngati wodwala m'chipatala. Masamba anali ndi mawanga achikasu. Zipatso zinali zing'onozing'ono, zopendekeka, zikuyoyoka zisanapse. Pa thunthu panali mtanda wa penti yofiira.

"Wapaka izi ndani?"

"Abwana a munda. Chaka chatha."

"Inu n'kungoyang'ana?"

"Ndinawagwadira kuti adikire mpaka ubwere, udzauone uli chilili. Netiyi ndi yoti tizilombo tisatenge matenda pano kupita nawo ku nazale."

"Chabwino, ndauona. Ndiye?"

Anakonza mwala umene unkapanikiza neti pansi.

"Munalonjeza, achemwali."

"Ndikudziwa chimene ndinalonjeza. Amene wakhala akuthirira lonjezolo ndi kheni zaka zonsezi ndine, osati iwe."

"Nanga bwanji osatengako tinthambi n'kumezanitsa pa tsinde lina? Bambo mitengo yokalamba ankaipulumutsa choncho."

"Yokalamba, osati yodwala. Matendawa ali m'madzi a mtengo, mwana wa mayi anga. Diso limodzi lokha la mtengo uwu, kaja kophukira pa kanthambi, ukaliika pa mbande yabwino, waipha, ndipo siifa yokha, imapatsira zinzake. Abwana ananena poyera: akadzapeza matendawa mu nazale, nazale atseka, maphunziro atha. Usaukhudze."

Wina anaitana kuchokera kushedi kuti aphunzitsi abwere, ndipo achemwali anandisiya ndekha.

M'thumba ndinali ndi mpeni wa bambo womezanitsira, chinthu chokha chimene ndinanyamula popita kunja. Kumeneko ndinkasongolera mapensulo. Ndinasuntha mwala, ndinakwawira mkati mwa neti, ndipo manja anakumbukira okha zimene mutu unaiwala. Ndinasankha tinthambi tooneka tobiriwira, ndinadula masamba n'kusiya timapesi tawo, ndipo kumunsi kwa kanthambi kalikonse ndinatema kachizindikiro, monga bambo ankachitira kuti munthu asaike diso mozondotsa. Minga inandikala pamkono. Ndinati ndikamezanitsa kutali, kuseri kwa nyumba ya lendi imene ndinkakhala, kumene sindingaphe mbande ya munthu. Madokotala amalakwa, ndinadziuza. Achemwali angalephere kulakwa?

Dzuwa linali litayamba kuluma, ndipo tinthambi totere sitichedwa kufota. M'kanyumba ka zipangizo ndinapeza chiguduli, ndinang'ambako, ndinanyowetsa pampopi, ndinakulunga. Pakona panali ndowa yokhala ndi madzi pang'ono ndi chiguduli china chonyowa. Ndinaika mtolo wanga m'menemo kuti ndidzautenge pochoka.

Kenako ndinapita kukaona nyumba ya magalasi, kumene ndili mwana ndinkabisala mvula ikamagwa. Magalasi ambiri anasweka, anatsekamo ndi makatoni. Ndinaima m'menemo nthawi yaitali ndikunyoza zonse mumtima, ntchito imene ndimaidziwa bwino.

Nditabwerera m'kanyumba ka zipangizo, ndowa panalibe.

Ndinaipeza pansi pa shedi, ili gada pambali pa tebulo. Patebulopo panali tinthambi mbwee, topanda masamba, tokhala ndi timapesi, kalikonse kali ndi kachizindikiro kumunsi. Achemwali anali atakonza tawo m'mawa womwewo, tochokera ku mitengo yopanda matenda imene anaitanitsa kutali. Anatikonza monga bambo anawaphunzitsira. Inenso tanga ndinatikonza monga bambo anandiphunzitsira.

Ophunzira anali atazungulira tebulo, aliyense ndi mbande zake za mandimu m'machubu akuda.

"Eee, a Mtchona afika!" anakuwa bambo wina wa mimba yaikulu, amene onse ankamutcha a Dalaivala chifukwa ankayendetsa minibasi. "Aphunzitsi, achimwene anuwa musawapatse mpeni. Manja a mabuku awa, angadzicheke n'kutilirira m'Chingerezi."

Anthu anaseka. Ine ndinayesa kuseka nawo, maso ali pa mulu wa tinthambi.

"Maso kuno," anatero achemwali. "Temani khungwa la tsinde modutsa, kenako motsika. Musalowetse mpeni mpaka mkati, simukupha mbuzi. Sendani diso pa kanthambi, lowetsani pansi pa khungwa, mbali ya kukachizindikiro iloze pansi. Mangani pulasitiki kuyambira m'munsi. Musanapite pa mbande ina, mpeni mu sipiriti. A Dalaivala, ndati chiyani?"

"Mpeni mu sipiriti, aphunzitsi. Ngakhale ine ndikuona kuti ndi kuwononga sipiriti."

Ndinawayang'ana akuviika mipeni mosamala, mmodzimmodzi, ngati anthu a m'chipinda cha opaleshoni, kwinaku akutola tinthambi pa mulu womwewo. Ndikanati, imani. Koma Satana sabwera ndi nyanga, amabwera ndi mfundo zomveka. Tinthambi tanga tinali tobiriwira. Mwina matenda anali asanafike kumeneko. Ndikangokhala chete, mtengo wa bambo ukamera kuseri kwa nyumba za mumzinda wonse, ndipo penti yofiira ya abwana sikaupeza.

"Achimwene, tandigwirireni apa."

Anali mayi wachikulire wovala magalasi omangidwa ndi ulusi, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Ankamutcha Mayi Telala.

"Maso angawa anazolowera bowo la singano, koma pulasitikiyi ikuterera ngati sopo. Gwirani chala apo. Eya." Anamanga mwaluso, ngati akumaliza kolala. "Mbande izi ndinafesa ndekha chaka chatha, njere za mandimu amene ndinkamwera chimfine. Mipopi ya kuno itauma ndinkabwera ndi madzi m'mabotolo, m'chikwama cha nsalu za makasitomala. Wina diresi lake linanyowa, anandinyoza mpaka agogo anga. Koma taonani mmene zanenepera! Ndikadzala kuseri kwa shopu, adzukulu azidzathyola okha."

Chala changa chinali pa diso lija. Sindinadziwe ngati linali la achemwali kapena langa.

"Nkhope yagwa bwanji, achimwene? Simunadye?" anafunsa Mayi Telala.

Achemwali anali akuzungulira tebulo, akuwongola dzanja la uyu, akudzudzula mfundo ya uyo. Atafika kumapeto anawerama kuti atole chiguduli chimene chinagwa pansi. Anatola, n'kuona china patebulo. Anaima ali ndi chimodzi kudzanja lililonse.

"Ziguduli ziwirizi zachokera kuti? Ine ndinakulunga mtolo umodzi."

"Inalimo iwiri m'ndowamo, aphunzitsi," anatero a Dalaivala. "Ndangophatikiza. Ife pa minibasi sitisiya munthu pa siteji."

Ena anaseka, achemwali ayi. Maso awo anayenda pang'onopang'ono mpaka anafika pa ine, n'kutsikira pamkono panga pamene minga inalemba mizere yofiira.

"Ikani mipeni pansi. Nonse."

Mipeni inalira patebulo. Kunja wilibala ya munthu inkalira ikudutsa.

"Iwe. Unalowa mu neti?"

"Ndimati ndikamezanitse kwathu, achemwali. Sindimadziwa kuti ndowayo..."

"Sindinakufunse zimene umati. Unalowa?"

"Ndinalowa."

"Tako ndi titi apa?"

Ndinayandikira. Ndinatola kanthambi kamodzi, ndinakatembenuza, ndinatola kena. Utali wofanana, timapesi tofanana, kachizindikiro kopendekera mbali imodzimodzi.

"Yang'anitsitsa. Uli ndi magalasi odula."

"Sindingathe kusiyanitsa."

Iwonso anayesa. Ananunkhiza, anakanda khungwa ndi chikhadabo, anayang'anitsa kudzuwa. Kenako anaponya kanthambiko pamulu.

"Bambo anatiphunzitsa bwino," anatero motsitsa, kwa ine ndekha.

Anatembenukira kwa ophunzira n'kuwauza zonse mosabisa: za mtengo wa mu neti, za matenda, za zimene abwana ananena, za mchimwene wawo. Anamaliza ndi mawu amene ndinkawaopa. Mbande iliyonse imene yaikidwa diso lero ipite kudzenje ikawotchedwe, pamodzi ndi tinthambi tonse.

"Aaa, aphunzitsi!" anatero Mayi Telala. "Masowo sanakhalitse. Tingomasula, tiwachotse, titsuke ndi sipiriti. Chovala ukasoka molakwika umangophwasula."

"Mwina zingapulumuke, mayi. Mwina ayi. Matendawa amabisala, tidzawaona mochedwa atayenda kale nazale yonse, ndi mbande za anzathu amene sanabwere lero. Sindingaike nazale pa mwina."

"Ndamanga zonse. Ndinali wachangu ine lero," anatero Mayi Telala.

A Dalaivala anavula chipewa n'kuchimenyetsa pabondo.

"Munthu wabwera dzulodzuloli," anatero, osandiyang'ana, "wapeza anthu akulima, iye akuyenda ngati wanunkhidwa. Moni wake wa m'mphuno. Lero watiphera mbande chifukwa cha mtengo umene sanauthirirepo ndi kapu imodzi yomwe. Mabuku onsewo, aphunzitsi, sanalembemo kuti za eni saseweretsa?"

"Basi, a Dalaivala."

"Si basi! Chaka chathunthu ichi!"

"Ndati basi. Wolakwa woyamba ndine. Mtengowo unayenera kugwa kale, ndinausunga ndine pafupi ndi mbande zanu. Tengani wilibala."

Mayi Telala sanadikire wilibala. Ananyamula machubu awiri, chimodzi m'khwapa lililonse, ngati ana amapasa. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwathandize.

"Chotsani dzanja, bambo," anatero. Uchimwene unali utatha.

Anthu anandandana kupita kudzenje la zinyalala kuseri kwa nazale. Wina anabwera ndi udzu wouma, wina ndi machesi. Utsi utayamba kukwera unali ndi fungo la mandimu, lokoma moti linali ngati chipongwe.

Achemwali sanaime nawo pamoto. Analowa m'kanyumba ka zipangizo n'kutuluka ndi macheka. Ndinawatsatira m'kanjira ka pakati pa timinda, kudutsa kasupe wouma uja.

"Achemwali, wolakwa ndine, si mtengo."

Anapitiriza kuyenda.

"Ndikupatsani mpeniwu. Sindidzaukhudzanso. Ndikalankhula ndi abwana ndekha, tikapeza mankhwala, kunja kuli akatswiri amene..."

"Kunja." Anaima pafupi ndi mtengo uja n'kundiyang'ana, maso ali ofiira ndi utsi kapena ndi china. "Ukapanda kubwera iwe ndi mpeni, idzabwera mphepo n'kung'amba neti. Usiku uliwonse kukawomba mphepo ine sindigona. Ndinakudikira kuti udzauone uli chilili. Wauona."

"Munalonjeza pamalo pomwe pano."

"Gwira neti uko, tiichotse bwino. Ikawotchedwa nayo."

Sindinagwire. Anasuntha miyala okha, anakoka neti okha mpaka inagwa pansi. Timalalanje tating'ono tinayoyoka n'kugubuduzika mpaka pa nsapato zanga. Ophunzira ena anali atabwera kuchokera kudzenje, ataima chapatali, Mayi Telala ali patsogolo manja ali ndi dothi.

Achemwali anaika dzanja pa khungwa kwa kanthawi. Kenako anagwada, anaika macheka m'munsi mwa mtanda wofiira uja, n'kudula mtengo wa bambo.