Denga Losasunga Chinsinsi

"Chakudya sichilowa muno, mayi," anatero mlonda wa pakhomo.

Melenaite anabweza dengu la zilazi ndi nyama ya nkhosa kugalimoto akung'ung'udza, ndipo pobwerako anapeza mipando itatsala pang'ono kudzaza. Iye ndi mwamuna wake Sekope anakhala mbali imodzi. Adzukulu awo, Seini ndi mlongo wake Fotu, anapeza malo tsidya lina la chipindacho.

Anawo ndi amene anakakamira kubwera ku nyumba yoonetsera nyenyezi ya mumzinda wa Brisbane. Kuyambira ali makanda ankamva kuti agogo awo aamuna ankayendetsa sitima ya pamadzi ku zilumba za Ha'apai pongoyang'ana kumwamba. Melenaite yekha ndiye ankadziwa kuti Sekope anali wophika pa sitimayo, ndipo nyenyezi zake zinali timadontho ta mafuta toyandama pa msuzi. Wodziwa thambo anali Melenaite, mwana wa msodzi, koma zaka makumi anayi sanaululepo.

Magetsi anazima, denga lozungulira la chipindacho n'kudzaza nyenyezi.

"Alipo wobadwira kutali?" anafunsa Bronwyn, mayi woonetsa. "Ndimuonetse thambo la kwawo."

"Agogo anga!" anakuwa Seini mumdimamo. "Ndi a ku Tonga, ndipo nyenyezi zonse amazidziwa mayina!"

Sekope anamugwira mkazi wake bondo. "Mayi, ndafa."

Thambo linatembenuka. Kadontho kofiira ka tochi yolozera ya Bronwyn kanaima pa nyenyezi zinayi. "Izi kwanu mumati chiyani, bambo?"

"Toloa," ananong'ona Melenaite. "Bakha."

"Toloa!" anatero Sekope ndi mawu a kutsogolo kwa tchalitchi. "Ndiye kuti bakha."

"Nanga ziwiri zowala izi?"

"Amuna awiri amene anagenda bakhayo," ananong'onanso Melenaite.

Sekope anabwereza. Tsidya lija wina anaseka, koma mkuluyo anayesa kuti nkhani yakoma. Anayamba kufotokoza za namondwe amene anakumana naye, mafunde otalika ngati mitengo ya kokonati, iye ali gwaa pa chiwongolero.

"Musawonjezere, wophika inu," ananong'ona Melenaite. "Chiwongolero chanu chinali chipande. Mukapitiriza ndikusiyani mumire nokha."

Tsidya lonse linafa nacho chiseko.

"Pepani, mayi," anatero Bronwyn akudzigwira. "Ndikanachenjeza poyamba. Denga ili limanyamula mawu onong'ona n'kukawatula mbali inayo. Kuno takhala tikumva zonse."

Sekope anadzipinda mumpando wake mpaka chionetsero chinatha.

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Anayala mphasa pa kapinga, Melenaite n'kugawa chakudya. Seini sanakhudze mbale yake. Kusukulu anali atauza kalasi yonse za agogo ake.

"Agogo, zoona munali wophika?" anafunsa Fotu.

Sekope anaika chilazi chake m'mbale. "Zoona. Anthu makumi atatu, katatu pa tsiku, sitima ikuvina. Ndipo msuzi sindinautayepo."

"Nanga nyenyezi?" anatero Seini, misozi ili m'maso.

"Ndinaziyang'ana, mwanawe, ndinaona kuti zachuluka. Ndiye ndinangokwatira munthu wozidziwa."

"Idyani, zikuzizira," anatero Melenaite.

Seini anatembenukira kwa iye. "Ndiye inu bwanji simunanene?"

"Unandifunsapo? Kwa ine mumangofunsa komwe kuli masokosi."

Mtsikanayo anakoka mbale yake, n'kudzakhala mokhudzana ndi agogo ake aakazi. "Bakha uja anamugenderanji?"

"Imeneyo ndiifotokoza ine," anayamba Sekope.

"Inu gawani nyama," anatero Melenaite, n'kumupatsa mpeni.

Sekope anaulandira. Anadula nyamayo zidutswa zinayi zofanana ndendende, popanda womunong'oneza.