Mamita Awiri a Nsalu Yosavala

Ndili mtsikana ndinkasoka pakhonde la sitolo ya malume. Iwo ankagulitsa nsalu m'katimo, ine ndi makina anga panja pafupi ndi chitseko, moti aliyense wolowa ankayamba wandidutsa. Tsiku lina kunabwera mwamuna wamtali, buluku lake lili mawangamawanga ndi penti. Anthu a mumsewu wathu ankangomutchula kuti Bulashi, poti ndiye ankalemba zikwangwani za mashopu.

Atalowa anayamba kugwiragwira nsalu, iyi kuikoka, iyo kuiyang'ana padzuwa.

"Achimwene, mukugula kapena mukuziyeza matenda?" anafunsa malume.

"Ndikufuna nsalu yoti sindivala," anayankha.

Malume anasuzumira pakhomo. "Iwe telala, uyu ndi wako. Ine wandikanika."

Bulashi anabwera pamakina panga n'kumasula katoni imene anaikulunga m'nyuzipepala. Panali nkhope ya mayi wachikulire. Katoniyo inali itamwa mafuta a penti, yachita zigamba zofiirira, m'mbali ikufumbutuka ngati bisiketi. Tsaya limodzi linali litadyeka kale.

"Mayi anga awa," anatero. "Anamwalira asanajambulitseko chithunzi. Ndinawajambula kuchokera m'mutu, koma m'mutumo tsopano ayamba kuzilala. Iyi ikatha, basi."

Anandiuza kuti anayesapo palata, penti n'kumasupuka dzuwa likakula. Anayesa pathabwa lopyapyala, linapindika ndi mvula, chiswe n'kudzamalizitsa. Kanivasi weniweni, nsalu ya ojambula, ankapezeka kutali, ndipo mtengo wake unali wa anthu ena.

Titalowa m'sitolo, iye analoza nsalu yoyera yonyezimira.

"Imeneyo ndi ya akwati," ndinatero. "Muikoka lero, mawa yalendewera ngati masaya a nkhalamba."

Ndinatsitsa mpukutu wa thonje lokhuthala, uja tinkasokera matumba a mabuluku a ntchito. Anaisisita ndi chala, atatsinzina.

"Nkhope imafuna ulusi wothinana chonchi," anatero. "Yokhakhala ndi ya mapiri ndi mitengo."

"Ndiye tengani. Koma mukaichape kaye. Thonje likalawa madzi limabwerera."

Ndinamudulira mamita awiri. Sanachape ayi. Patatha sabata anatulukira atanyamula felemu yopotoka ngati chitseko cha bafa. Anali atakhomera nsalu ija bwinobwino, koma atangoipaka guluu wosungunula m'madzi, inabwerera n'kukoka matabwa. Ndinaseka mpaka kusokera kolala chozondotsa.

Yachiwiri ndinachapa ndekha, n'kuisita. Loweruka ndinapita nayo kuchipinda chake chogwirira ntchito, azakhali ali pambuyo, akuti akaone zojambula, chonsecho ankalondera ine. Kachipindako kanali ndi zenera limodzi, zitini mbwee, fungo la mafuta lolowa mpaka m'tsitsi. Ine ndinkakoka nsalu, iye akukhoma timisomali, kuyambira pakati kupita kumakona, mbali iyi kenako inzake. Titamaliza anaigogoda ndi chala, inalira ngati ng'oma. Anaipaka guluu kuti mafuta asadye ulusi, kenako penti woyera katatu, akauma amapalapo ndi sandipepala.

Penti wa mafuta sachedwa kupaka koma amachedwa kuuma, choncho chithunzicho chinatenga miyezi iwiri. Miyezi imeneyo Bulashi anang'amba dala malaya atatu kuti apeze chobwerera pakhonde. Chitatha anaitana mchemwali wake wamkulu, n'kundiitananso ine. Mayiyo atalowa anaima chilili, chikwama chili m'manja. Kenako anagwada pang'ono monga amachitira munthu popereka moni kwa makolo.

"Mphuno waichepetsa," anatero, misozi ili chuchuchu. "Koma ndi iwowo."

Chaka chisanathe abale ake anabwera kwathu. Malume anati, "Munthuyu anagula mamita awiri, lero akuti timuwonjezere telala ngati basela."

Tinakhala m'banja zaka makumi atatu ndi chimodzi. Nsalu iliyonse imene bambo a ana anga anajambulapo inayamba yadutsa m'manja mwanga. Tinkakangana ndithu. Iwo ankakonda thabwa losalala akamajambula tinthu ting'onoting'ono, ankati bulashi imatsetsereka bwino. Ine ndinkati thabwa ndi lolemera, lidzagwera mwana pamutu. Ana ankadziwa kuti panja pakayanikidwa nsalu yoyera yopanda manja kapena khosi, ndiye kuti kwabwera ntchito.

Mwana wathu wachisamba atayamba kugwira ntchito, anawagulira bambo ake mpukutu wa kanivasi weniweni wa bafuta, wotuwa, wolemera. Anaununkhiza, anausisita, n'kuukulunganso. Anauika pamwamba pa wadilopu, ndipo unakhala pamenepo zaka zisanu ndi ziwiri.

"Bambo, mukusungira njenjete?" ndinkawafunsa.

"Sindinapeze choyenera kujambulapo, mayi."

Manja atayamba kunjenjemera, moti kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, m'mawa wina anauza mkamwini wathu kuti autsitse. Kukoka kunandigwera ine ndi mkamwiniyo, iwo atakhala pampando akulamula ngati kapitawo. Ndinkaganiza kuti ajambula munthu wofunika. Koma anakokera mpando pazenera n'kuyamba kujambula msewu wathu womwewu: madenga adzimbiri, mawaya amagetsi, mtengo wa pakona umene unadzadulidwa chaka chotsatira.

Ankajambula pang'onopang'ono, dzanja lamanzere litachirikiza lamanja. Tsiku lina ananditembenukira.

"Mayi, bafutayu ndi wabwino ndithu. Penti amamulandira mwaulemu. Ndinachedwa naye."

Anamaliza thambo, madenga ndi theka la mtengo. Kumunsi kunatsala koyera, kuli mizere ya pensulo yokha pomwe pakanakhala anthu. Anadwala masabata atatu, n'kutisiya m'mwezi wozizira.

Mnzawo wina wojambula anadzipereka kuti amalizitse chithunzicho. Ana anavomera, ine ndinakana. Ndinachipachika m'chipinda chochezera momwe chinalilimo. Adzukulu akabwera amakanganirana kuti mzere uwu ukanakhala ndani, uwo ukanakhala ndani. Wamng'ono kwambiri amaumirira kuti wapakatiwo ndi galu, ndipo palibe amene wamugonjetsa.