Lole ya a Sazimitsa

Bambo anga ndi munthu wouma mutu, ndipo sindikuwajeda, iwonso amadziwa. Ayendetsa lole yogawa buledi zaka makumi atatu, koma pakampani ponse palibe amene amawaitana dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Sazimitsa. Akaliza injini m'mawa pageti, inkalira mpaka madzulo. Kaya akutsitsa buledi pagolosale, kaya akukangana ndi mwini golosale za mpira, injini ili ngu-ngu-ngu. Ngakhale apite kukadzithandiza, lole inkatsala panja ikufuka yokha.

Ine ndimagwira ntchito pakampani pomwepo, mu ofesi yam'mwamba, pazenera loyang'ana pabwalo la malole. Madalaivala amanditcha Mayi Kompyuta. Chaka chatha ndine amene ndinawaumiriza abwana kuti tiike tizipangizo m'malole athu onse khumi ndi anayi. Ndi kabokosi kochepa ngati sopo, timakamangirira kunsi kwa chiwongolero. Kamanditumizira zonse pakompyuta: kumene lole yadutsa, mmene dalaivala akupondera mafuta, mphindi zimene injini yalira lole itaima, ndi utsi umene yatulutsa. Utsi umenewo ndi womwe ukutenthetsa dziko mpaka mvula kusokonekera chonchi, ndipo masitolo akuluakulu ogula buledi wathu anali atanena kale kuti safunanso katundu wobwera ndi malole ofuka.

M'chipinda chomwe madalaivala amamwera tiyi tinapachikamo sikirini. Wotulutsa utsi wochepa dzina lake limaoneka lobiriwira, wapakati lachikasu, wowononga lofiira. Abwana analengeza kuti amene akhale wofiira miyezi itatu yotsatizana atsika m'lole, akapatsidwa tsache kosungira katundu. Wolemba lipoti lake anali ine.

Mwezi woyamba ofiira analipo asanu. Mwezi wachiwiri anatsala mmodzi, ndipo mwamudziwa kale.

"Khoswe wakhala pamkhate," ndinamva dalaivala wina akunong'oneza mnzake pamasitepe. "Tiona ngati Mayi Kompyuta alimbe mtima."

Zinandipweteka kwambiri. Bambo ndi tsache m'manja, pamaso pa anthu amene anawaphunzitsa okha kusintha magiya? Koma kubisa zomwe kompyuta ikuonetsa sindikanatha. Kunyumba ndikangoyamba nkhaniyi, Bambo ankakweza wailesi.

"Kasopo kako kaja kanabadwa liti kuti kazindiphunzitsa lole?" ankatero. Mayi ankangondiponyera diso loti ndisiye.

Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti lole ikamayenda, palibe dalaivala wowaposa. Saponda buleki modzidzimutsa, giya amasintha pa nthawi yake, mafuta amapita pang'ono zedi. Chowagwetsa chinali chimodzi basi: maola atatu tsiku lililonse injini ikulira lole ili chiimire. Galu wamkota sakandira pachabe, ndinadziuza. Lolemba loyamba la mwezi wachitatu ndinasiya ofesi n'kukakwera lole yawo.

"Wabwera kudzandilonda?" anafunsa osandiyang'ana.

"Ndabwera kudzakwera lole ya bambo anga. N'zoletsedwa?"

Pagolosale yoyamba sanazimitse. Yachiwiri chimodzimodzi. Titafika yachitatu, pamsewu wafulati kuseri kwa sukulu, ndinalephera kupirira.

"Bambo, mwezi ukatha ndiyenera kulemba dzina lanu ndi dzanja langali. Mukufuna zimenezo? Tangondiuzani chifukwa chake."

Anaika manja pachiwongolero. Kenako anatsitsa mawu.

"Unabadwa Lachinayi. Nthawi imeneyo ndinali ndi lole yakale, yabuluu. Masana ndinadzera kunyumba kudzaona mayi ako, n'kuzimitsa injini pabwalo. Ndisanamalize kapu ya madzi, matenda anawayamba. Ndinawakweza pampando wakutsogolo ngati wakhalapowu. Kutembenuza kiyi, tche. Kutembenuzanso, tche. Kachitatu, zii."

Nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo chibadwire.

"Anthu oyandikana nafe anakankha, amayi ndi ana omwe, msewu wopanda chitsikira ngati uno. Mayi ako akubuula, ine thukuta lili kamukamu. Inadzalira titafika kumsika. Kuchipatala adokotala anandiuza kuti tikanachedwa pang'ono, ndikanabwerera ndekha. Ndinalumbira tsiku lomwelo kuti ndikaliza injini sindidzazimitsanso mpaka ntchito itatha."

Manyazi anandigwira. Miyezi iwiri ndinkawanena m'mtima kuti nkhalamba yamakani, osadziwa kuti utsi wonsewo unkafuka chifukwa cha ine. Ndinapukuta m'maso, n'kutulutsa foni.

"Bambo, kasopo kaja sikangowerenga utsi. Kamayezanso batire. Onani apa, lanu ndi lodzadza. Likangoyamba kufooka kamandiuza kudakali masiku, ine n'kuuza amakanika lole isanatuluke pageti."

Anavala magalasi awo omangidwa ndi waya mbali imodzi, n'kuyang'anitsitsa foniyo.

"Ndiye kuti umadziwa lole isanadwale?"

"Ndimadziwa."

"Nanga ikakana?"

"Ndikankha ndine."

Anayang'ana nsapato zanga zagogoda. "Ndi zimenezo? Tifika mawa." Anaseka pang'ono, kenako anachotsa dzanja pafupi ndi kiyi. "Zimitsa ndiwe. Ndinalumbira chifukwa cha iwe."

Ndinatambasula mkono n'kutembenuza kiyi. Lole inanjenjemera kamodzi, n'kuti zii. Tinayamba kumva ana akuwerenga mokweza m'kalasi kuseri kwa mpanda. Mwini golosale anatuluka akuthamanga, ndalama za kasitomala zili m'manja.

"A Sazimitsa, kwagwanji? Yawonongeka?"

"Ikupuma," anayankha Bambo. "Nanunso mumapuma."

Anatsitsa buledi mosafulumira, koma ndinkaona kuti maso awo sakuchoka palole. Atabwerera pampando anapukuta manja pathalauza kawiri konse. Anagwira kiyi, n'kutseka maso ngati munthu wolandira jakisoni. Kungokhudza, injini inalira.

"Hm," anatero. Pagolosale yotsatira anazimitsa okha.

Musaganize kuti anasinthiratu tsiku limodzi. Sabata yonse ankandiimbira foni asanazimitse: "Mayi Kompyuta, tandionera batire." Ine ndinkawaonera, ngakhale kakhumi patsiku. Sabata yachiwiri anaimba kawiri. Yachitatu foni inangoti duu.

Tsiku lomaliza la mwezi madalaivala anadzaza m'chipinda cha tiyi, ena ataima pakhomo. Sikirini itayaka, onse anayambira kuyang'ana pansi, pomwe anazolowera kuwapeza. Panalibe dzina lofiira ngakhale limodzi. Maso anakwera, kudutsa achikasu, kudutsa obiriwira, mpaka pamwamba penipeni. Munthu woyendetsa bwino chonchija atangosiya kufukiza poima, ndani akanamupeza? Uja wa khoswe ndi mkhate ndiye anayamba kuwomba m'manja.

Bambo anamwa tiyi wawo ngati sizikuwakhudza. Kenako analoza sikirini ndi kapu.

"Mukuziona izi? Anabweretsa ndi mwana wanga uyu. Tinamukankhira lole kuti abadwe, lero akutiuza lole isanadwale."

Ndinathawira ku ofesi anthu asanaone misozi. Lipoti ndinalemba, ndipo pamalo pa ofiira ndinasiya popanda kanthu. Sindinasainepo pepala lina monyadira ngati limenelo.

Dzina lija silinawachoke, mpaka pano ndi a Sazimitsa. Koma madzulo aliwonse akalowa pageti amaimika lole kunsi kwa zenera langa, ngakhale malo awo ali kutali uko. Amazimitsa, amatsika, n'kukweza kiyi m'mwamba kuti ndione.