Mphindi Zitatu za Amake Dailes

Mu Okutobala wa 1974, dzuwa la ku Kabwe litafika poti nkhuku zimayenda mapiko ali lende, amake Dailes anayamba kuphunzira Chingerezi ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri. Anthu a m'komboni yawo ya Bwacha anaseka, nanga pali chimene sasekako anthu a ku Bwacha? Mayi amene anachoka ku Petauke ali namwali, nakhala m'tauni zaka zonsezi osalola ngakhale Chibemba kuti chiwakhale pa lilime, lero akufuna Chizungu! Koma osekawo sanadziwe chimene chinali m'nyumbamo.

Amuna awo, a Febian Daka, anali gone. Anagwira ntchito yothira malasha m'sitima kuyambira tauniyi ikutchedwa Broken Hill, ndipo tsopano chifuwa chinali chitawamaliza. Achipatala anawabweza kunyumba ndi mabotolo awiri a mankhwala ndi mawu okoma. Wansembe wa ku Mpima atadzawadzoza mafuta a odwala, anatengera mayiwo pambali nawauza kuti mwana aitanidwe msanga. Mwana anali mmodzi yekhayo, Dailes, amene anapita ku Mangalande zaka zitatu zapitazo kukaphunzira unamwino. Kalata ikanayenda masabata. Telegalamu a Febian anaikana, ati imeneyo ndi ya maliro ndipo iwo akadapuma. Chimene chinatsala ndi lamya ya ku positi ofesi, yochita kulembetseratu, ya mphindi zitatu basi.

Tsono lamya ya kutsidyako inali m'nyumba yogona anamwino, ndipo woiyankha anali mzungu woyang'anira nyumbayo. Kuti Dailes afike pa lamya, panafunika kudutsa kaye pa mzunguyo, ndipo amake Dailes sakanalola kuti munthu wosunga mwana wawo amve mawu awo popanda moni.

Mphunzitsi anapezeka pafupi. Anali a Maness a nyumba yoyandikana nayo, amene analera ana a azungu kumayadi zaka makumi awiri, nabwerako ndi Chingerezi, ndi chipewa, ndi matama pang'ono. Sukulu inkachitikira patsinde pa mango, ophunzira ndi mphunzitsi akusenda mtedza. A Maness anafotokoza kuti *good morning* amatha dzuwa likafika pamutu, kenaka amalowa *good afternoon*. *How do you do* ndi wa mabwana ovala tayi, ndipo ameneyo sumuyankha, umangomubweza mmene wabwerera. Wa anthu onse ndi *how are you*, ndipo yankho lake ndi limodzi lokha, *fine, thank you*.

Amake Dailes anafunsa kuti nanga ngati mwendo ukupweteka umati chiyani.

"Olo mwendo waduka, ni *fine, thank you* chabe," anatero a Maness. "Muzungu safunsa kuti amvele. Afunsa kuti apite."

Zimenezi zinawadabwitsa mayiwo, ndipo zinawamvetsa chisoni. Kwawo moni sunali wothamangira. Mlendo amayamba wakhala pamphasa, namwa madzi, nafunsidwa za thupi lake, za ana, za njira imene wayenda. Nkhani yoipa imabwera pambuyo penipeni, ikuyenda monyang'ama, munthu atakhazikika ndipo pali womugwira. Kumuponyera mnzako imfa ali chiimire pakhomo, kumeneko n'kusaleredwa.

Komabe mawuwo anawalowa. Ankawatafuna posesa, potunga madzi pampopi, pochapa nsalu za wodwala. Anapereka *good morning* kwa nkhuku, ndi *good afternoon* kwa sitima ya katundu imene inkalira chakutali. Masana, kutentha kukawagonjetsa ali khale pambali pa bedi, ankasinza n'kuyamba kuutsata waya wa lamya uja. Unkachoka pa positi ofesi, n'kudutsa pamwamba pa milu yakuda ya kumgodi, n'kutsata njanji mpaka njanji itatha, kenaka n'kulowa pansi pa nyanja imene iwo sanaionepo. Kumeneko kunali kozizira bwino, ndipo nsomba zinkabwera imodziimodzi kudzawafunsa *how are you*, iwo n'kumayankha mwaulemu. Akatulukira kutsidya ankapeza dziko loyera mbee, anthu ake akulonjerana osaima. Pakati pawo pankabwera Dailes atavala diresi loyera, n'kuwafunsa amake funso lomwelo, n'kupitirira. Apo ankadzidzimuka, n'kupeza a Febian akuwayang'ana.

Tsiku lina bambowo anapempha kuti nawonso alonjeredwe m'Chizungu. Mayiwo anawongola chitenje, nafunsa funso lawo bwinobwino. A Febian, amene anamva Chingerezi cha oyendetsa sitima moyo wawo wonse, anayankha kuti *fine, thank you*, naseka mpaka chifuwa chinawagwira, ndipo panapita nthawi kuti mpweya ubwerere.

Lachisanu masana amake Dailes anavala diresi la kutchalitchi, nasiya a Maness ndi wodwala, nakwera basi ya kutauni. Njira yonse mitengo ya jakaranda inali itathira maluwa ake pansi, ndipo iwo ankaona ngati akadali m'maloto aja. Ku positi ofesi mtsikana wa pakauntala, dzina lake Emmie, anawalowetsa m'kachipinda kamatabwa, nawakumbutsa kuti mphindi zikakwana lamya idzaduka yokha. Anadikira nthawi yaitali, thukuta lili kamukamu. Kenaka belu linalira.

M'khutu munamveka mkokomo ngati wa mvula ikubwera, ndipo mkati mwa mkokomowo munatuluka mawu a mzungu wamkazi. Amake Dailes anagwada pang'ono, ngakhale panalibe wowaona, napereka *good afternoon, madam* wawo ndi *how are you*, nadikira yankho monga munthu woleredwa. Mzunguyo anayankha mofulumira, nawonjezera zina zambiri zimene a Maness sanaphunzitse. Mayiwo anangotchula dzina la mwana wawo, ndi Zambia, ndi *please*. Anamva nsapato zikupita, chitseko chikutsekuka kutali, wina akuitana. Mphindi yoyamba inathera momwemo.

"Hello? Mummy? How are you?"

Mawuwo anali a Dailes, koma opyapyala, ngati achapidwa kambiri. Pakamwa pa mayiwo panayankha pokha kuti *fine, thank you*, ndipo kutsidya kuja kunaphulika kuseka. Kunali kuseka komwe kuja kwa ali mwana, kothera m'mphuno. Mtima wa amake Dailes unasungunuka, ndipo kunena zoona, ananyada. Mwana wawo anali pafupi ngati wakhala pamphasa, tsono anayamba kumulonjera monga zimayenera. Anamufunsa za kuzizira, ngati ali ndi bulangete lokwanira, ngati amadya n'kukhuta, ngati mutu uja unkamuvuta unasiya, ngati kumeneko kuli tchalitchi. Ankadziwa kuti nthawi ikutha. Ankaimva ikuwapulumuka m'manja, koma pakamwa panali patagwira njira yake yakale, ndipo njira imeneyo ilibe chidule.

Dailes ndiye anadula. "Nanga atata ali bwanji?"

Mpata unali umenewo. Mawu anali okonzeka, anagona nawo masabata awiri. Koma anamuona mwana wawo ali chiimire m'khonde la eni, m'dziko lozizira, popanda ngakhale mmodzi womugwira paphewa, ndipo mawuwo anakana kutuluka. Kunena m'chilankhulo chawo kuti ali bwino sakanatha, chifukwa chibadwire cha Dailes sanamunamizepo. Panatsala mawu obwereka aja, opepuka, amene munthu amanena ngakhale mwendo utaduka.

"*Fine, thank you*," anatero.

Kutsidya sikunasekenso. Mkokomo uja unadzaza khutu lonse, ndipo Dailes atalankhula, mawu ake anali atatsika.

"Amama, kambani mu Chinyanja."

Lamya inati thi, n'kuduka. Amake Dailes anaigwirabe ndi manja awiri, naiuza zonse, kuti atate ake atsala pang'ono kuwasiya, kuti abwere msanga, kuti amamutchula tsiku lililonse. Analankhula mpaka Emmie anagogoda pagalasi. Mtsikanayo anawauza mwachifundo kuti mpata wina ungapezeke Lachitatu, chifukwa olembetsa ndi ambiri. Mayiwo anawerenga masikuwo m'mutu, nakumbukira mmene wodwala anapumira m'mawa, ndipo anachita mantha.

Anafika ku Bwacha dzuwa litapendeka. A Maness anawayang'ana kumaso kamodzi kokha, natola mtedza wawo n'kutuluka osafunsa kanthu. A Febian anali atagona choyang'ana kukhoma. Osatembenuka, anafunsa ngati mwana wamveka, ndiponso kuti wati abwera liti. Mayiwo anakhala pansi pambali pa bedi, naulula kuti sanamuuze. Anafotokoza zonse mmene zinayendera, osabisa ngakhale za bulangete.

Bambowo anafunsa, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Munamuyankha mu Chizungu, imwe amake Dailes?"

"Mu Chizungu."

"Ndiye iye anati chani?"

"Anati nikambe mu Chinyanja."

A Febian anatulutsa dzanja m'bulangete, nafufuza mpaka anapeza la akazi awo.

"Uja mwana si wopusa, wamva," anatero. "Nitembenuzeni, niyang'ane kukhomo."

Amake Dailes anawanyamula, ndipo anadabwa ndi kupepuka kwawo. Anawagoneka bwino, nawaikira pilo kumsana, kenaka anapita kukatsekula chitseko n'kuchitchinjiriza ndi mwala kuti mphepo isachitseke.